Intaneti nayo imamva ludzu: funso la madzi ndi kutentha kumapiri a Chongoni

Munthu akatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, akatsegula kanema pa WhatsApp, kapena akafunsa funso kwa makina oyankha ngati munthu omwe atchuka masiku ano, foni yake imangotumiza pempho basi. Ntchito yeniyeni imachitikira kutali, m'nyumba zodzaza ndi makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, omwe amasanjikizidwa m'mashelefu azitsulo ndipo sazimitsidwa usana ndi usiku. Nyumba zimenezi ndizo pa Chingerezi amati data centre.

Dziko la Malawi lili nazo kale nyumba zotere, ngakhale kuti ndi zazing'ono poyerekeza ndi za maiko olemera. Mu July 2022 yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adatsegulira National Data Centre mumzinda wa Blantyre, yomwe idamangidwa mothandizana ndi kampani ya Huawei kuti izisunga uthenga wa boma. Mabanki ndi makampani a mafoni nawo ali ndi zipinda zawo zosungira maseva. Pamene ntchito za boma ndi za malonda zikusamukira pa intaneti, nyumba zina zidzamangidwa ndithu, ndipo omanga adzayang'ana malo okhala ndi zinthu zitatu: magetsi, chingwe cha intaneti ndi nyengo yozizira.

Mapiri a m'boma la Dedza ali pafupi ndi zitatu zonsezi. Ku Chongoni kulibe data centre lero, komatu derali ndi chitsanzo chabwino chounikirapo funso lomwe maiko ena adalifunsa mochedwa: kodi makompyutawa amamwa madzi a yani, nanga kutentha kwake kumapita kuti?

Magetsi onse amasanduka kutentha

Aliyense wokhala ndi foni kapena laputopu amadziwa kuti ikagwira ntchito nthawi yaitali imafunda. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi magetsi onse olowa m'kompyuta amatuluka ngati kutentha. Chigayo chimalandira magetsi n'kutulutsa ufa, pampu imalandira magetsi n'kukweza madzi, koma kompyuta ikamaliza kuwerengera sitsala ndi china chogwirika koma kutentha kokhako. Maseva zikwi zingapo m'chipinda chimodzi ali ngati mbaula zikwi zingapo zoyaka nthawi imodzi, ndipo akapanda kuziziritsidwa amayamba kuchedwa, kenaka amazima kapena kuonongeka.

Kuchuluka kwa magetsiwa sikochepa. Bungwe loona za mphamvu pa dziko lonse la International Energy Agency lidati m'chaka cha 2024 ma data centre onse adagwiritsa ntchito magetsi okwana pafupifupi mayuniti 415 biliyoni, tikawerengera m'mayuniti omwe timagula kwa ESCOM. Awa ndi pafupifupi maperesenti 1.5 a magetsi onse a pa dziko lapansi, ndipo bungweli likuyembekezera kuti pofika 2030 chiwerengerochi chidzaposa kuwirikiza kawiri, makamaka chifukwa cha makina a AI. Data centre imodzi yaikulu ya kumaiko a kunja imatha kufuna mamegawati 100 kapena kuposerapo. Kwathu kuno siteshoni yonse ya Kapichira, pa mtsinje wa Shire, imapanga pafupifupi mamegawati 130.

Mtsuko wa agogo ndi nsanja yoziziritsira

Njira yotchipa yochotsera kutentha kochuluka chonchi idadziwika kale ndi makolo athu. Madzi a mumtsuko wadothi amakhala ozizira ngakhale mu October chifukwa dothi limalola timadzi pang'ono kutulukira kunja. Timadzito tikamauma n'kusanduka nthunzi timanyamula kutentha, ndipo otsala m'kati amazizira. Thukuta limagwira ntchito yomweyo pa thupi la munthu.

Ma data centre ambiri amatsata nzeru imeneyi. Madzi amayenda m'mapaipi n'kutola kutentha kwa m'chipinda cha maseva, kenaka amapita ku nsanja yapanja komwe amawazidwa pamene mafani akuluakulu akupemerera mphepo. Gawo lina la madziwo limauluka ngati nthunzi, lotsalalo limazizira n'kubwerera m'kati. Madzi ouluka aja sabwereranso mumtsinje kapena m'chitsime momwe adatungidwa. Adzagwa ngati mvula tsiku lina, koma kwina.

Masamu ake ndi osavuta. Pa yuniti iliyonse ya magetsi, njira imeneyi imauluza madzi pakati pa lita imodzi ndi theka ndi malita awiri. Data centre yaing'ono ya megawati imodzi imatha mayuniti 24,000 pa tsiku, kutanthauza madzi okwana pafupifupi malita 40,000. Izi ndi ndowa 2,000 za malita 20 tsiku lililonse. Munthu mmodzi akamapatsidwa ndowa imodzi pa tsiku, womwe ndi mlingo wochepetsetsa womwe akatswiri a zaumoyo amautchula, madziwo angakwanire anthu 2,000. Nyumba ya mamegawati 20 ingamwe madzi a anthu 40,000.

Palinso madzi ena otayidwa. Nthunzi ikamauluka, mchere ndi laimu wa m'madzi zimatsalira n'kumachulukana, choncho nthawi ndi nthawi madzi otsalawo amakhetsedwa kuti mapaipi asatsekeke. Madzi okhetsedwawa amakhala ofunda, amchere komanso osakanikirana ndi mankhwala opha ndere ndi tizilombo. Akathiridwa m'kamtsinje osayeretsedwa amachepetsa mpweya wa m'madzi womwe nsomba ndi nkhanu zimapuma, ndipo amafika m'madimba a anthu a kumunsi.

Zomwe zidachitika kwa anzathu

M'tauni yaing'ono ya The Dalles, m'chigawo cha Oregon ku America, anthu adakhala zaka zambiri osadziwa kuchuluka kwa madzi omwe ma data centre a Google ankagwiritsa ntchito. Nyuzipepala ya The Oregonian itapempha ziwerengerozo, khonsolo ya tauniyo idapita kukhoti ponena kuti ndi chinsinsi cha malonda. Nkhaniyo idatha mu December 2022 ndipo zidaululika kuti m'chaka cha 2021 kampaniyo idagwiritsa ntchito malita oposa 1.3 biliyoni, omwe ndi maperesenti 29 a madzi onse a tauniyo.

Ku Uruguay mkangano udabuka m'chaka cha 2023, pamene chilala chidafika poti madzi a m'mipopi ya mumzinda wa Montevideo ankamveka mchere. Anthu adakwiya atamva kuti data centre yomwe Google inkafuna kumanga m'dera la Canelones ikadamamwa malita 7.6 miliyoni pa tsiku. Kampaniyo idasintha mapulani n'kusankha kuziziritsa ndi mpweya. Ku Chile nakonso, m'dera la Cerrillos mumzinda wa Santiago, kampani yomweyo idabweza mapulani ake m'chaka cha 2024 anthu okhala kumeneko ndi khoti atadandaula za madzi a pansi pa nthaka.

Nkhani zitatuzi zikufanana pa mfundo imodzi. Njira ina yoziziritsira idalipo kuyambira pachiyambi, koma idasankhidwa, kapena ziwerengero zidatulutsidwa, pokhapokha eni dera atafunsa.

Chuma cha Dedza chomwe sitichiwerengera

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wokwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo phiri la Dedza limafika pafupifupi mamita 2,200. Aliyense amene adagonako mu June kapena July amadziwa kuti usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Maseva amagwira bwino ntchito mpweya wolowa ukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Izi zikutanthauza kuti kwa miyezi yambiri pa chaka, mpweya wapanja wa ku Dedza ungathe kuziziritsa makompyuta popanda kuuluza dontho limodzi la madzi, bola usefedwe n'kulowetsedwa ndi mafani. Ndi chifukwa chomwecho chimene kampani ya Facebook idakatsegulira data centre yake ku Luleå, kumpoto kwa dziko la Sweden, m'chaka cha 2013. Ku Nchalo kapena ku Salima mwayi umenewu kulibe.

Zina zofunika zilinso pafupi. Msewu wa M1 umadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni polumikiza Lilongwe ndi Blantyre. Chingwe chachikulu cha magetsi cha 400kV, chomwe chidamalizidwa m'chaka cha 2018 ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation, chimachokera ku Phombeya m'boma la Balaka n'kukathera ku Nkhoma, kufupi ndi mapiri omwewa. Ku Golomoti, kumunsi kwa boma lomweli la Dedza, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, omwe adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022.

Koma walira mvula walira matope. Kuzizira kwa Dedza kuli ndi malire ake. Miyezi ya October ndi November kumatentha, ndipo ndi nthawi yomwe makina oziziritsa ndi mpweya amafuna kuthandizidwa ndi madzi. Miyezi yomweyo ndiyo mitsinje imaphwa, zitsime zimatsika ndipo alimi a kachewere, kabichi ndi tomato amadalira madzi a m'madambo pothirira madimba awo. Makompyuta angafune madzi ambiri pa sabata zomwezo zimene anthu akuwasowa kwambiri. Kuonjezera apo, mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, motero mafani amayenera kukankha wochulukirapo kuti achotse kutentha kofanana, ndipo fumbi ndi utsi wa moto wolusa wa m'chilimwe zimatseka zosefera msanga.

Njira yotsekera madzi m'mapaipi kuti azingozungulira osauluka, monga momwe radiyeta ya galimoto imachitira, imathetsa vuto la ludzu, ndipo ma data centre ambiri atsopano akuitsata. Mtengo wake ndi wakuti imadya magetsi ambiri kunja kukatentha. Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pa vuto lathu lenileni.

Kwathu magetsi ndi madzinso

Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'zaka za 2016 ndi 2017, madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika, magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira ndipo dziko lidataya mamegawati onse a siteshoniyo kwa nthawi yoposa chaka. Data centre siloledwa kuzima ngakhale kwa mphindi imodzi, choncho magetsi a ESCOM akathima imayatsa majenereta a dizilo, mafuta omwe timagula ndi ndalama zakunja zomwe ndi zosowa kale.

Mapiri a Dedza ali kumutu kwa ulendo wa madzi amenewa. Mitsinje ina yochokera m'mapiri a Dedza ndi Chongoni imathira mu Linthipe, mtsinje womwe umalandiranso madzi a Diamphwe ndi Lilongwe usanakalowe m'nyanja m'boma la Salima. Kuchoka m'nyanjamo madzi amatuluka ndi Shire, kudutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, n'kukazunguza makina a EGENCO. Kunena zoona, madzi omwe data centre imodzi ingamwe sangatsitse nyanja yaikulu chotere. Amene angamve ululu wake ndi anthu a pafupi: mudzi womwe mjigo wake ukutunga m'nthaka imodzimodzi ndi chitsime chakuya cha kampani, ndi mlimi yemwe dimba lake lili kumunsi kwa paipi yotungira. Koma chiyambi cha madzi oziziritsira ndi cha madzi opangira magetsi ndi chimodzi, ndicho nkhalango za m'mapiri zomwe zimasunga mvula m'nthaka n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Kampani iliyonse yofuna kupindula ndi kuzizira kwa Dedza iyenera kukhala yoyamba kulipira ntchito yosamala mitengo ya m'mapiriwo.

Kutentha kotayidwa kungakhale kwa phindu

Kumaiko ozizira, kutentha kwa ma data centre kwasanduka malonda. Mumzinda wa Odense ku Denmark, kutentha kochokera m'nyumba ya kampani ya Meta kumalowa m'mapaipi a mzindawo n'kumafunditsa nyumba zikwizikwi. Ku Finland, Microsoft ndi kampani ya mphamvu ya Fortum zidalengeza m'chaka cha 2022 ntchito yotere yothandiza dera la Espoo ndi matauni oyandikana nalo. Dziwe losambiramo lomwe lidamangidwira mpikisano wa Olympics wa 2024 ku Paris limafunditsidwa ndi data centre ya kampani ya Equinix m'dera la Saint-Denis. Dziko la Germany lidafika pokhazikitsa lamulo m'chaka cha 2023 loti ma data centre atsopano oyamba ntchito kuchokera mu July 2026 azigwiritsanso ntchito maperesenti osachepera 10 a mphamvu yomwe ikadatayika.

Ku Malawi kulibe mapaipi ofunditsira nyumba, ndipo m'madera ambiri anthu amafuna mthunzi osati kutentha. Dedza ndi amodzi mwa malo ochepa omwe kutenthaku kungapeze ntchito. Tiyenera kudziwa kaye mlingo wake. Mpweya wotuluka m'maseva umakhala pakati pa madigiri 30 ndi 40, pamene madzi ochokera m'makina oziziritsidwa ndi madzi mwachindunji amatha kufika madigiri 50 kapena 60. Kutentha kumeneku sikungaphike nsima, sikungaotche njerwa kapena mbiya, ndipo sikungamalize kuumitsa fodya wa m'mabalani yemwe amafuna pafupifupi madigiri 70. Koma pali ntchito zina zomwe chimafunika ndi kufunda chabe.

Yoyamba ndi kuumitsa zokolola. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, chomwe chimatulutsa poizoni woononga chiwindi ndiponso kulepheretsa mbewu zathu kulowa m'misika yakunja. Kumapiri, komwe nthawi yokolola imakumana ndi nkhungu ndi kuzizira, mpweya wofunda wosalekeza ungathandize kwambiri. Yachiwiri ndi matabwa. Derali lili ndi minda ya mitengo ya paini, ndipo thabwa louma pang'onopang'ono ndi mpweya wofunda silipindika kapena kung'aluka ngati loumira pa dzuwa. Yachitatu ndi ulimi wa nsomba. Chambo ndi makumba zimakula bwino m'madzi a madigiri 25 mpaka 30, ndipo m'miyezi yozizira zimadya pang'ono n'kuleka kukula. Maiwe olandira madzi ofunda angakolole chaka chonse. Yachinayi ndi madzi osamba ndi ochapira m'zipatala ndi m'sukulu zogonera komweko, omwe lero amafunditsidwa ndi nkhuni kapena magetsi. M'dziko lomwe mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amadalira nkhuni ndi makala, mtolo uliwonse wopulumuka ndi phindu kwa nkhalango. Ngakhale nazale za mitengo, monga zomwe ophunzira a pa Malawi College of Forestry and Wildlife ku Chongoni komweko amaphunzirirapo, zingapindule ndi nyumba zofunda zofesera mbewu.

Chovuta n'chakuti kutentha kofooka chonchi sikuyenda ulendo wautali. Kukadutsa m'mapaipi a makilomita angapo kumathera m'njira, pokhapokha pakhale makina okukweza, omwenso amadya magetsi. Choncho woumitsa chimanga, mlimi wa nsomba kapena chipatala ayenera kukhala moyandikana ndi data centre, ndipo izi zimaganiziridwa posankha malo, maziko asanakumbidwe. Nyumba ikamangidwa kale payokha kutchire, kutentha kwake kumangouluka ndi mphepo zaka zonse.

Chongoni si malo wamba

Pali malire ena omwe ndalama siziyenera kuwadumpha. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha zojambula za pa miyala zopezeka pa malo 127, m'dera la pafupifupi masikweya kilomita 126. Ku Chencherere, Namzeze, Mphunzi ndi mapiri ena kuli zojambula zofiira zomwe zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ena mwa malowa ankagwiritsidwanso ntchito pa miyambo yopempha mvula, umboni wakuti anthu a kuno akhala akulemekeza madzi kwa zaka mazanamazana. Nyumba ya mafani olira usiku wonse ndi majenereta a utsi ilibe malo m'kati mwa dera lotetezedwali kapena m'mphepete mwake. Ngati mapiri a Dedza adzalandire data centre, iyenera kukhala kufupi ndi tauni kapena malo a mafakitale, komwenso kuli anthu ofuna kutentha kwake.

Malamulo alipo, mafunso ndiwo afunika

Dziko lino silikuyamba popanda kanthu. Lamulo la zamadzi la Water Resources Act la 2013 limafuna kuti wotunga madzi ochuluka mumtsinje kapena pansi pa nthaka, komanso wothira madzi oipa m'mitsinje, atenge chilolezo ku National Water Resources Authority. Lamulo la zachilengedwe la Environment Management Act la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limaunika ntchito zikuluzikulu zisanayambe ndipo limayenera kumva maganizo a anthu okhudzidwa. Ku Dedza madzi a m'mipopi ali m'manja mwa Central Region Water Board, yomwe ndiyo ingasaine mgwirizano ndi kasitomala wamkulu wotere.

Chofunika ndi chakuti khonsolo, mafumu, aphungu ndi atolankhani adziwe chofunsa tsiku lomwe wogulitsa maloto adzafike ndi mapulani ake, kaya ku Dedza, ku Kanengo kapena ku Mzuzu. Kodi nyumbayo idzaziziritsidwa motani? Idzatunga malita angati pa tsiku lotentha kwambiri la mu October, osati pa chiwerengero cha chaka chonse chomwe chimabisa miyezi yovuta? Madziwo adzachokera mumpopi wa anthu, mumtsinje, m'chitsime chakuya, kapena adzakhala a mvula yokololedwa pa denga ndi madzi ogwiritsidwa kale ntchito oyeretsedwa? Chilala chikadza, adzayambe kutsekeredwa madzi ndani, kampani kapena mudzi? Madzi okhetsedwa adzathiridwa kuti, nanga adzawayeza ndani? Kutentha kudzapita kwa yani, ndipo zalembedwa mumgwirizano kapena ndi lonjezo la pakamwa? Pomaliza, kodi ziwerengero za madzi ndi magetsi zidzasindikizidwa chaka chilichonse kuti aliyense aziona?

Data centre yomangidwa bwino ingapindulitse dziko. Uthenga wa Amalawi ungasungidwe kwawo konkuno monga momwe lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 likulimbikitsira kusamala, intaneti ingafulumire, ndipo ndalama zakunja zomwe timalipira makampani a ku Johannesburg ndi ku Ulaya zingachepe. Ntchito zokhazikika m'nyumba zotere zimakhala zochepa ikatha kumangidwa, choncho phindu la anthu oyandikana nayo liyenera kuchokera kwina: m'mitengo yobzalidwa kumutu kwa mitsinje, m'chimanga chouma bwino ndi m'mijigo yomwe ikutulutsabe madzi mu November. Anthu a ku The Dalles adamva kuchuluka kwa madzi awo makina atayaka kale kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Kuno mwayi wofunsa ukadalipo chifukwa maziko sanakumbidwe.